Phulusa, Zitosi ndi Busta: Mbiri ya Kudyetsa Mbewu M'malokeshoni a Blantyre

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, mzinda wa Blantyre umasanduka munda. Chimanga chimamera m'mbali mwa misewu ya ku Machinjiri, kuseri kwa mabafa ku Zingwangwa, kunsi kwa mawaya a magetsi ku Bangwe, ndipo ku Ndirande chimakwera phiri mpaka kukalekeza pomwe payambira thanthwe. Khonsolo ya mzinda yakhala ikuletsa, mwinanso kuopseza kuti itchetcha, koma chaka chinacho anthu amaunganso mizere pomwepo. Wolima m'tauni alibe malo ena oti asamukireko kuti nthaka ipume. Kamunda n'komweko chaka ndi chaka, ndipo nkhawa yake ndi imodzi: athiremo chiyani kuti chimanga chisachite chikasu.

Masiku ano yankho lina lili m'mashopu a zipangizo zaulimi ku Limbe ndi m'misika ya m'malokeshoni. Ndi timabotolo ndi timapaketi topopera masamba, tomwe ambiri amangoti busta. Tina ndi feteleza wamba wosungunula m'madzi. Tina ndi ta gulu lomwe akatswiri amati ma biostimulant, zinthu zomwe pazokha si chakudya cha mbewu, koma zimathandiza mbewuyo kutulutsa mizu yambiri, kuyamwa bwino chomwe chili m'nthaka, ndi kupirira dzuwa likakula. Ogulitsa amazitama kuti ndi nzeru yatsopano ya kunja. Mabotolowo ndi atsopanodi. Koma ntchito yakeyo anthu a m'mapiri ano adayamba kuigwira mzindawu usadabadwe.

Mu 1859, David Livingstone ndi John Kirk adadutsa m'mapiri a kumtunda kwa Shire pa ulendo wa ku nyanja ya Chilwa, kenako wa ku nyanja ya Malawi. Buku lomwe Livingstone adatulutsa mu 1865 pamodzi ndi mng'ono wake Charles likufotokoza momwe Amang'anja ankaswera mphanje pamalo pa udzu. Mlimi ankagwira udzu wautali wodzaza manja, n'kuumanga mfundo, kenako n'kudula mizu yake ndi khasu koma osaugwetsa. Munda wonse unkadzaza ndi mitolo yoimirira mpaka iume. Mvula ikayandikira ankaunjika mitoloyo m'timilu, n'kukwirira ndi dothi, n'kuyatsa. Moto wokwiriridwa sulilima. Umanyeka pang'onopang'ono, utsi n'kumalowerera m'dothi, ndipo phulusa siliuluka ndi mphepo. Pamenepo ndi pomwe ankadzala mapira, mawere, nyemba, maungu ndi chimanga. Bishopu Charles Mackenzie, yemwe adafika ku Magomero mu 1861, adavomera yekha kuti adanyamuka kwawo ndi mtima wodzaphunzitsa anthu kulima, koma adapeza eni dziko akudziwa ulimi kumuposa.

Phindu la phulusa n'losavuta kulimvetsa: lili ndi michere monga potaziyamu, ndiponso limachepetsa asidi m'nthaka. Nkhani ya utsi ndiyo idatenga nthawi kuti idziwike. Mu 1990 akatswiri a zomera ku South Africa adaonetsa kuti utsi pawokha umadzutsa njere zina kuti zimere, ndipo mu 2004 ofufuza ku Australia adapeza kanthu ka mu utsimo komwe kamachititsa zimenezi, komwe lero akuti karrikin. Tsono kumbukirani zisononkho za chimanga cha mbewu zomwe agogo ankamangirira kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, mpaka zide bii ndi mwaye. Mukadawafunsa akadati n'kuopa anankafumbwe, ndipo n'zoona. Koma Albert Modi, katswiri wa mbewu wa ku KwaZulu-Natal, atayesa chimanga chamakolo chosungidwa pa utsi chotere, adapeza kuti chimamera ndi mphamvu. Agogowo sankadziwa za karrikin. Ankangoona kuti mbewu ya kukhitchini siwakhumudwitsa, basi n'kusunga mwambowo.

Azungu a mishoni ya Church of Scotland adamanga misasa m'dera la mfumu Kapeni mu Okutobala 1876, atatsogoleredwa ndi Henry Henderson, ndipo pakati pawo padali wosamalira minda, John Buchanan. Mu 1878 Jonathan Duncan adabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kadapulumuka, koma kadabala minda ya khofi yomwe idafalikira m'mapiri onsewa m'ma 1890. Chisangalalo chake sichidakhalitse. Itangodutsa 1900 khofi adagwa: mtengo udatsika chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo tidamugwira, mvula idavuta, ndipo nthaka yomwe adaigwetsera mitengo n'kumaidzala mbewu imodzi yokhayokha idatopa msanga. Atsamunda adatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Phunziro loti katondo wa kuno sachedwa kuguga akamulima mbewu imodzi lidaperekedwa kalelo, ndipo oyamba kulilandira adali anthu a ndalama.

Nthawi yomweyo Alhomwe ambiri ankalowa kuchokera ku Mozambique, kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi, n'kudzakhala m'maesiteti pa thangata. Malo omwe ankapatsidwa adali ochepa, ndiye munda umodzi unkayenera kusenza zonse: chimanga, chinangwa, nandolo, khobwe, kalongonda. Ulimi wakasakaniza umenewu ndiwo udakhala chizindikiro cha Blantyre, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje mpaka lero, ndipo ndi umene anthu adalowa nawo m'tauni. Mukaona mayi wa ku Bangwe akuponya nandolo pakati pa mapando a chimanga pa kamunda ka mizere khumi, dziwani kuti akutsata njira yomweyo.

Nandolo ndi mbewu yofunika kuiyang'ana pafupi. Zulani mtengo umodzi, kapena wa mtedza kapena soya, mugwedeze dothi. Ku mizu mupeza timibulu tating'ono. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati muli mofiirira, ndiye kuti muli mabakiteriya amoyo omwe akukoka nayitirojeni mu mpweya n'kumapatsa mbewuyo. Mukapeza moyera kapena mobiriwira, sakugwira ntchito. Ajeremani awiri, Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, ndiwo adatsimikiza za ntchito ya timibuluti m'ma 1880, ndipo m'ma 1890 mabakiteriyawo adayamba kugulitsidwa m'mabotolo ndi dzina loti Nitragin. Nandolo ali ndi luso linanso. M'katondo wofiira fosiforasi amakhalamo, koma womangika ku chitsulo cha m'dothi moti chimanga sichingamuyamwe. Mu 1990 ofufuza a bungwe la ICRISAT ku India adalengeza kuti mizu ya nandolo imatulutsa timadzi tomwe timamasula fosiforasi ameneyu. Onjezani masamba omwe nandolo amayoyola m'chilimwe, ndi muzu wake wautali woboola nthaka yolimba. Zomwe chizindikiro cha pa botolo chimalonjeza lero, zoti chimasula chakudya chomangika m'nthaka, nandolo wakhala akuchita m'minda ya kuno popanda womulipira, n'kuperekanso ndiwo pamwamba.

Boma la atsamunda silidaone choncho. Kwa ilo matuto ndi kasakaniza zidali umbuli wowononga nthaka. Lamulo la 1946 loteteza zachilengedwe lidapatsa alangizi mphamvu yokakamiza, ndipo njala ya 1949, yomwe idasautsa kwambiri boma la Blantyre makamaka cha ku Lunzu, idawapatsa chifukwa chokhwimitsira. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njalayi, adaonetsa kuti nkhani sidali ya nthaka yokha: malonda a chimanga, kagawidwe ka chakudya ndi kutha kwa maganyu zidathandizira kuti ena afe ena apulumuke. Koma m'ma 1950 mlimi ndiye adasenza mlandu. Adalamulidwa kusiya matuto, kuunga mizere yopingasa, kukumba migula, kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu adazitcha malimidwe, ndipo mkwiyo wake udathandiza chipani cha Congress kupeza otsatira m'midzi. Chodabwitsa n'chakuti ufulu utabwera mizere idatsala, ndipo lero palibe amene amaiona ngati ya atsamunda. Chomwe chidatayika ndi chizolowezi chokwirira zinyalala n'kuzipsereza pansi pa dothi. M'malo mwake ambiri amasesa mapesi n'kuwatentha poyera, ana akusaka mbewa, utsi ndi phulusa n'kupita ndi mphepo ya Ogasiti.

Malokeshoni adakula mkati mwa zonsezi. Ndirande idayamba ngati midzi ya antchito kunja kwa malire a tauni ya azungu ndi amwenye, kufupi ndi mafakitale. Blantyre ndi Limbe zidaphatikizidwa mu 1956. Ufulu utayandikira, kenako Malawi Housing Corporation itakhazikitsidwa mu 1964, mapuloti oti munthu amange yekha adagawidwa m'madera monga Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, ndipo pambuyo pake South Lunzu, komwe tonse timangoti ku Machinjiri. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzindawu. Wa 2018 adapeza oposa 800,000. Ambiri mwa obwerawo adali alimi ovala ovolosi. M'mawa ku David Whitehead kapena ku Carlsberg, madzulo ndi Loweruka ali ndi khasu.

Alimi a m'tauniwa adapeza zodyetsera nthaka zomwe kumudzi kudalibe. Ku zigayo kudali madeya. Kophikira mowa kudali masese. Oweta nkhuku zambiri ankasowa kotaya zitosi zosakanikirana ndi utuchi. Ku Limbe, komwe kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale mu 1908 ndipo okushoni idayamba mu 1938, kunkatsala zinyenyeswa ndi mitsitsi ya fodya, zomwe mabwana ankathira pa kapinga, antchito awo n'kumatengako zothira m'dimba. Pakhomo paliponse padali dzala, ndipo mwana wa m'lokeshoni aliyense amadziwa kuti bonongwe ndi maungu a padzala ndiwo amanona. Chimbudzi chikadzaza ankachikwirira n'kudzalapo nthochi kapena papaya. Palibe mlangizi adaphunzitsa zimenezo, ndipo palibe adazilemba m'malipoti, poti ulimi wa m'tauni boma silinkauwerengera kuti ndi ulimi.

Kenako kudabwera thumba. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, feteleza adayamba kupezeka pa mtengo wothandizidwa ndi boma, limodzi ndi chimanga cha haibulidi ndi ngongole za m'makalabu. Chilankhulo cha ulimi chidasintha. Anthu adaphunzira za wokulitsa ndi wobereketsa, za Chitowe, yuriya ndi kani, za kuyeza ndi kachitsekero ka botolo. Tisanamizane, feteleza adagwira ntchito. Munda womwe unkatulutsa madengu owerengeka udayamba kudzaza nkhokwe, ndipo munthu wa pa ntchito ku Blantyre ankaonetsa kuti ndi mwana wabwino potumiza matumba awiri kumudzi mu Novembala. Manyowa adasanduka chinthu cha osauka. Kusenza zitosi pa wilibala kudutsa nazo pamsika kudakhala kochititsa manyazi.

Kuyambira pamenepo mbiri ya nthaka idalowa m'ndale. Ngongole za m'makalabu zidagwa cha m'ma 1993 ndi 1994, thandizo la mtengo wa feteleza lidachotsedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, kenako kudabwera sitatapaki mu 1998 pa nthawi ya Bakili Muluzi, makuponi a Bingu wa Mutharika mu 2005 pomwe thumba lidali K950 lisadatsike kufika K500, ndi AIP ya Lazarus Chakwera mu 2020 pa K4,495. Mapulogalamu onsewa adali a alimi a kumudzi. Wa ku Ndirande ankapeza kuponi kudzera kwa achibale kwawo, kapena kugula kwa mavenda feteleza wa pambale. M'zaka zomwezo za m'ma 1990, mitengo ya m'phiri la Ndirande idatha, anthu n'kutsegula minda m'malo otsetsereka omwe ngakhale mbuzi imayenda mosamala. Soche, Bangwe ndi Mpingwe adatsata, ndipo Michiru, kumtunda kwa Chilomoni, wakhala akudyedwa ndi makala pang'onopang'ono.

Apa ndi pomwe dandaulo lina lidayamba kumveka: feteleza wa masiku ano sakugwira. Ena amaloza matumba osakaniza ndi mchenga, ndipo achinyengo oterewa agwidwapo ndithu. Koma gawo lalikulu la vutoli lili pansi. Kafukufuku wothandizidwa ndi FAO adayerekeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala pa chaka, ndipo m'malo otsetsereka ngati a Blantyre dothi lomwe limapita ndi la pamwamba, lakuda, lomwe muli zowolerana ndi tizilombo tothandiza. Chotsala ndi katondo wouma gwa, wa asidi, yemwe yuriya wa chaka ndi chaka amamuwonjezera asidiyo. M'nthaka yotero mizu imakhala yaifupi, madzi salowa, ndipo feteleza amakokoloka kapena kumangika mbewu isadamudye. Kaufiti naye amakonda pomwepo. Boma lidasintha kasakanizidwe ka wokulitsa, kuchoka pa 23:21:0+4S kupita ku wina wokhala ndi potaziyamu ndi zinki, pozindikira kuti nthaka ikusowa zambiri. Koma zowolerana sizibwera m'thumba.

Chomwe chidabwezera anthu ku manyowa si ulangizi ayi, ndi mtengo. Unduna wa zamalimidwe wakhala ukukhazikitsa kampeni ya manyowa chaka ndi chaka, kuphunzitsa chimato, changu ndi a m'dzenje, anthu n'kumaombera m'manja osapanga. Koma feteleza atakwera mu 2021, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022, kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lidadutsa K100,000. Manyazi a wilibala adatha okha. Zitosi za nkhuku zidayamba kugulitsidwa pa thumba, ndipo wozifuna amayenera kulankhuliratu ndi mwini khola.

Mfumu ya nyengo imeneyi ndi manyowa otchedwa Mbeya, dzina lochokera ku mzinda wa ku Tanzania. Kapangidwe kake kamasiyana pang'ono malinga ndi wophunzitsa, koma muyezo wofala ndi uwu: makilogalamu 10 a feteleza wa m'sitolo, 20 a madeya, 10 a phulusa losefa, 10 a ndowe kapena zitosi zouma zopunthapuntha, ndi malita 5 a madzi. Mayi amayala pepala la pulasitiki pabwalo, n'kusakaniza ndi fosholo mpaka mtundu ufanane. Amatapa dzanja limodzi n'kufinya: zikagwirana osadontha madzi, zakwana. Amazithira m'thumba lomwe m'kati mwake muli pulasitiki, n'kutsindira, n'kumanga kukamwa zolimba kuti mpweya usalowe, n'kuimika pamthunzi masiku 21. Pomasula, fungo lake limalasa m'mphuno mpaka misozi. Amaziyanika pamthunzi pang'ono, basi wapeza thumba la makilogalamu 50. Thumba limodzi la m'sitolo limabala asanu.

Mawu oti "limabala asanu" ndi ofunika kuwamvetsa bwino, chifukwa ena amawanena ngati matsenga. Nayitirojeni sachulukana m'thumba. Amene ali m'matumba asanuwo ndi yemwe adali m'thumba limodzi lija, kuphatikizapo wochepa wa m'zitosi ndi m'madeya, ndipo fungo lolasa lija ndi nayitirojeni wina akuthawa, poti phulusa likakumana ndi yuriya ponyowa limamutulutsa. N'chifukwa chake kumanga thumba molekerera n'kutaya ndalama. Mphamvu ya Mbeya ili pena. Phulusa limaziziritsa asidi pa phando pomwe pali mizu, madeya amadyetsa tizilombo ta m'nthaka, zitosi zimabweretsa tizilomboto ndi michere ing'onoing'ono, ndipo feteleza wochepa uja amagwidwa osathawa ndi mvula yoyamba. Mbewu imadya zambiri mwa zochepa. Imeneyo ndiyo ntchito yomwe opanga mabotolo amalonjeza, koma apa yapangidwa ndi zinthu za kuchigayo ndi kukhitchini.

M'madimba a m'mphepete mwa Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula, komwe kumachokera mpiru, repu, tchayinizi ndi tomato wina wa m'misika yathu, muli njira zinanso. Ena amamiza thumba la zitosi mu mgolo wa madzi kwa masabata awiri kapena atatu, n'kumasungunula madziwo pothirira. Ena amagwiritsa ntchito masamba a deliya, chitsamba cha maluwa achikasu chomwe chadzaza m'mbali mwa misewu ndi njanji, chomwe masamba ake amawola msanga ndipo ali ndi michere yambiri. Owerengeka amasinja masamba anthete a chamwamba, kusefa, kusungunula ndi madzi n'kupopera. Njira imeneyi idatchuka ndi kafukufuku wa Nikolaus Foidl ndi anzake ku Nicaragua, ndipo maziko ake ndi oti masambawo ali ndi zeatin, kanthu kofulumizitsa kukula kwa zomera komwe kadapezeka koyamba m'njere zanthete za chimanga m'ma 1960. Ntchemberezandonda zitafika cha mu 2017, alimi ena adayamba kuthira msuzi wa usipa kapena bonya pa nsonga ya chimanga kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo. Cholinga chidali nyerere, koma n'zoseketsa kuti madzi a nsomba zosungunuka ndi amodzi mwa mankhwala olimbikitsa mbewu omwe makampani akunja amagulitsa modula.

Mbiri ya mabotolo enieniwo idayambira kunyanja ya mchere. Alimi a m'magombe a Scotland, Ireland ndi France ankathira zomera za m'nyanja m'minda kwa zaka mazana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Reginald Milton ku England adapeza njira yozisandutsa madzi, ndipo zidagulitsidwa ndi dzina loti Maxicrop. Ku South Africa, kampani ina ya ku Simon's Town pafupi ndi Cape Town yakhala ikufinya chomera cha m'nyanja chotchedwa Ecklonia maxima n'kupanga Kelpak, yemwe amatumizidwa m'maiko ambiri. Abale athu ogwira ntchito za m'magadeni ku Cape Town ndi Johannesburg amawadziwa mabotolo oterewa kuposa alangizi ena, poti ndiwo amapopera maluwa a mabwana. Pali enanso opangidwa kuchokera ku zowolerana zakalekale zokumbidwa pansi, ku zotsalira za nsomba ndi nyama, ndi ku tizilombo tamoyo. Maiko a European Union adachita kukhazikitsa lamulo mu 2019, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022, lolongosola kuti biostimulant n'chiyani ndi kulamula kuti chomwe chalembedwa pa botolo chikhale chotsimikizika. Adatero chifukwa msika udadzaza ndi malonjezo.

Mwa onsewa, omwe umboni wake ndi wolimba kwambiri kuno kwathu ndi mabakiteriya a soya aja. Malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe adakhala akuwapanga pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo pambuyo pake kampani ya Agro-Input Suppliers Limited idayamba kuwagulitsa m'timapaketi ta Nitrofix. Mlimi amanyowetsa mbewu pang'ono, n'kuthira ufa wakudawo, n'kusakaniza pamthunzi, n'kudzala tsiku lomwelo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi thumba, ndipo pa munda womwe sudalimidwepo soya kusiyana kumaoneka ndi maso. Koma ndi zamoyo. Paketi yomwe yagona miyezi pa shelefu ya shopu ya malata, dzuwa la Okutobala likuwomba, ikhoza kukhala ufa wakufa. Ubale wotere wa mizu ndi tizilombo si wachilendo kwa munthu wodya bowa. Bowa wina wa m'tchire salimika chifukwa ulusi wake umakhala wolumikizana ndi mizu ya msuku ndi mombo, kusinthana madzi ndi michere ndi mtengowo. Mitengo ikatha, bowa naye amatha. Chimanga chilinso ndi abwenzi ake a mtundu umenewo, osaoneka ndi maso, ndipo nthaka yotenthedwa ndi yokokoloka imakhala nawo ochepa.

Tsono botolo tiliike pati? Maganizo anga ndi oti lili ndi malo, koma aang'ono kuposa omwe ogulitsa amanena. Kwa wa dimba la tomato yemwe wathira kale manyowa, mankhwala a zomera za m'nyanja angathandize mbande kugwira msanga pozioka, ndiponso kupirira masiku angapo a ng'amba. Phindu lotere si lopeputsa m'dziko lomwe mu Malichi 2024 lidalengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Koma kupopera busta pa chimanga chachikasu cha pa katondo wa m'phiri la Ndirande kuli ngati kumwetsa mwana mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya mumphika mulibe nsima. Masamba angabiriwire sabata imodzi, chisononkho n'kudzatuluka chonga chala. Ndipo palibe botolo lomwe likadagwira dothi la m'phiri la Soche mu Malichi 2023, pomwe namondwe Freddy adagumula matope n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe.

Vuto lina ndi loti wogula alibe pogwira. Pa shelefu imodzi pamakhala mankhwala oyesedwa bwino ndi madzi a mtundu chabe, zizindikiro zili m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, wogulitsa naye akungobwereza zomwe adamva kwa womupikulitsa. Malo a kafukufuku a Bvumbwe, omwe ntchito yawo yaikulu ndi mbewu za m'dimba ndi zipatso, ali pafupi ndi Limbe pa msewu wa ku Thyolo, koma alimi a m'malokeshoni ambiri sadapondeko, ndipo mlangizi safika pa munda wa kuseri kwa bafa. Alimi ochenjera amadziyesera okha. Amasiya mizere iwiri osapopera, n'kudzayerekeza pokolola, osati poona kubiriwira kwa masamba. Njira imeneyi imawulula zambiri, ndipo ogulitsa ena saikonda.

Pomwe anthu akulimbirana zitosi, mzindawu ukutaya chakudya cha nthaka tsiku lililonse. Zinyalala zambiri za m'misika ya Limbe, Ndirande ndi Blantyre ndi zowola: makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, zikhokho za mbatata. Zina zimatsekereza ngalande, zina zimatengedwa pa lole kupita ku Mzedi, komwe zimasakanikirana ndi mapulasitiki, magalasi ndi mabatire mpaka kukhala zoopsa kuzithira pa ndiwo. Ku malo oyeretsera madzi a zimbudzi ku Zingwangwa ndi ku Manase kumatsala matope omwe akauma ndi kuwola mokwanira ndi manyowa, ngakhale amafuna kuyezedwa kaye chifukwa cha mazira a njoka za m'mimba ndi zotayidwa za m'mafakitale. Mabungwe monga CCODE adalimbikitsa zimbudzi za ekosani, zothira phulusa ndi dothi, zomwe pakatha miyezi ingapo mwini amafukula manyowa. Mabanja ena adazilandira, ena adanyansidwa nazo, ngakhale nthochi za pa chimbudzi chakale amadya osafunsa. Magulu a achinyamata ndi amayi omwe ayamba kutola zowola m'misika n'kupanga kompositi amakumana ndi vuto limodzi lomwelo: zinyalala zimawafika zitasakanizidwa kale, ndipo kusankha mapulasitiki ndi manja kumadya tsiku lonse thumba limodzi lisadadzaze.